N'chifukwa chiyani nkhope yada pachithunzi? Za Auto ndi Manual

Chithunzi chomaliza chimene ndinawajambula agogo anga aakazi ndili nachobe mufoni. Anali atakhala pakhonde, masana dzuwa likuswa mtengo, kumbuyo kwawo kuli bwalo loseseredwa bwino. Bwalolo linatuluka mochititsa kaso. Nkhokwe ikuoneka, nkhuku ziwiri zikuoneka, ngakhale mizere ya tsache pansi ikuoneka. Koma nkhope ya agogo ndi mdima wokhawokha. Umangoona duku ndi timano.

Ndinati ndidzajambula china ndikadzapitanso kumudzi. Mpata umenewo sunapezekenso. Kwa nthawi yaitali ndinkaimba mlandu foniyo, ndinkati vuto ndi kutchipa kwake. Koma foni sinalakwe kanthu, inachita ntchito imene anaipangira. Ineyo ndi amene sindinkadziwa mmene imaganizira, ndipo lero ndikufuna inu mudziwe.

Kamera siona, imayeza

Masana panja kuwala kwa dzuwa kumafika cha m'ma lux 100,000. M'kalasi yowala bwino ndi ma lux mazana ochepa chabe. Usiku wa mwezi wathunthu sikufika ngakhale pa lux imodzi. Kusiyana kwake n'koopsa, koma inu simukumva kwenikweni chifukwa diso ndi ubongo zimasintha zokha. Kamwana ka diso kamachepa mpaka mamilimita awiri padzuwa, n'kukula mpaka pafupifupi mamilimita 8 mumdima. Komanso mukayang'ana nkhope kenako bwalo, diso limasintha pa chilichonse, ubongo n'kulumikiza zonsezo kukhala chinthu chimodzi. N'chifukwa chake tsiku lija ine ndinkaona agogo bwinobwino, bwalo bwinobwino.

Kamera ilibe mwayi wotero. Kumbuyo kwa lenzi kuli kachipangizo kotchedwa sensa, ndipo pachithunzi chimodzi sensa imalandira muyezo umodzi wa kuwala. Muyezo umenewu ojambula amautcha exposure. Kuwala kukachepa chithunzi chimada. Kukachuluka chimayera mbuu, zinthu n'kufufutika.

Ganizirani kutunga madzi pampopi. Ndowa imadzaza m'njira ziwiri: kutsegula mpopi kwambiri kwa kanthawi kochepa, kapena kutsegula pang'ono n'kudikira. Mukaiwala, madzi amasefukira, ndipo otayikawo simungawawolenso. Pachithunzi n'chimodzimodzi. Malo amene ayera mopitirira, monga malaya oyera padzuwa, mulibenso kanthu. Ngakhale mutawakonza bwanji pambuyo pake, mabatani ndi mizere ya nsalu sizibwerera.

Zowongolera zilipo zitatu. Choyamba ndi bowo la mkati mwa lenzi, lotchedwa aperture. Ameneyu ndiye mpopi wathu. Kukula kwake amakulemba ndi manambala ngati f/2, f/4, f/16, ndipo apa ndi pamene ambiri amasokonezeka, chifukwa nambala ikakula bowo limachepa. Koma yang'anani kamzere kali pakatipo, ndi samu yogawa basi. Chilembo f chikuimira focal length, ija mumaphunzira mu Physics pa nkhani ya malenzi. Pa lenzi ya mamilimita 50, f/2 ndi 50 kugawa ndi 2, bowo la mamilimita 25 m'mimba mwake. Pa f/4 bowo ndi la mamilimita 12.5.

Funso: kuchoka pa f/2 kufika pa f/4, kuwala kwachepa ndi theka? Ayi. Kuwala kumadalira area ya bowo, ndipo area ya bwalo ndi πr². Mukadula radius pakati, area imatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. Kuti kuwala kuchepe ndi theka lenileni, radius iyenera kugawidwa ndi √2, yomwe ndi pafupifupi 1.4. Apa ndi pamene pamachokera mndandanda wooneka wachilendo uja wolembedwa pa malenzi: 1.4, 2, 2.8, 4, 5.6, 8, 11, 16, 22. Nambala iliyonse ndi yam'mbuyo kuchulukitsa ndi 1.4, ndipo sitepe iliyonse imadula kuwala pakati. Sitepe yotereyi amaitcha stop. Mukadzamva wina akufunsa kuti √2 imagwira ntchito yanji pamoyo, musonyezeni lenzi.

Dziwaninso kuti mafoni ambiri bowo lawo silisintha. Linakhazikika pa nambala imodzi, kawirikawiri cha m'ma f/1.8. Choncho amene muli ndi foni mwatsala ndi zowongolera ziwiri.

Chachiwiri ndi nthawi imene sensa imakhala ikulandira kuwala, shutter speed. Mukaona 1/500, ndiye kuti gawo limodzi mwa magawo 500 a sekondi. 1/250 ndi nthawi yotalika kawiri, kuwala kowirikiza kawiri, stop imodzinso. Koma nthawi imachita chinthu china choposa kuwalitsa. Chilichonse chimene chasuntha pa nthawiyo chimatuluka chopakika. Mu 1838 Louis Daguerre anajambula msewu wa Boulevard du Temple ku Paris. Unali msewu wodutsa anthu ndi ngolo zambiri, koma pachithunzipo ukuoneka wopanda anthu ngati kwagwa mliri. Chipangizo chake chinkafuna mphindi zingapo kuti chilandire kuwala kokwanira, ndiye aliyense woyenda sanasiye chizindikiro. Amene akuoneka bwino ndi bambo wina pakona amene anaima malo amodzi akupolishitsa nsapato.

Chachitatu ndi ISO. Iyi siwonjezera kuwala ngakhale pang'ono, imangokweza zimene sensa yalandira kale. Zili ngati wailesi ikamagwira siteshoni yakutali. Mukakweza voliyumu mawu amakula, koma phokoso lija la shiii limakulira limodzi. ISO 100 imapereka chithunzi chosalala. ISO 3200 pafoni imapereka timadontho ngati mchenga. Zithunzi zanu za usiku zija zooneka ngati zawazidwa gaga, chifukwa chake n'chimenechi.

Kodi Auto imasankha bwanji?

Mukaika pa Auto, kamera imasankha yokha zitatuzi. Vuto ndi loti siidziwa chimene chili patsogolo pake. Imangolandira kuwala kobwerera kuchokera ku zinthu. Kuwala kochepa kukhoza kutanthauza chinthu choyera chili mumdima, kapena chinthu chakuda chili padzuwa. Kamera singasiyanitse. Ndiye imangoganizira kuti dziko lonse, mutalisakaniza pamodzi ngati utoto mundowa, lingatuluke mtundu wa phulusa, wosada wosayera. Ojambula amati mtundu wapakatiwu umabweza pafupifupi magawo 18 mwa magawo 100 a kuwala kougwera. Auto imakankhira chithunzi chilichonse kumeneko.

Musangondikhulupirira, yesani. Tengani pepala loyera, mulijambule pafupi kuti lidzaze sikirini yonse. Kenako pamalo omwewo jambulani nsalu yakuda, nayonso idzaze sikirini. Muona kuti pepala latuluka lotuwa, losayera ngati mmene lilili, ndipo nsalu yatuluka yosuluka. Tsegulani pamene pamalembedwa tsatanetsatane wa chithunzi, muone shutter speed ndi ISO za ziwirizo. Kuwala kwa m'chipindamo sikunasinthe, koma manambala asiyana kutalitali.

Tsopano bwererani pakhonde paja. Mbali yaikulu ya chithunzi inali bwalo lowala kwambiri. Foni inaona kuwala kochuluka, inafupikitsa nthawi kuti bwalo lifike pa mtundu wapakati uja, ndipo agogo, amene anali mumthunzi, anatsikira mumdima. Kamera sidziwa kuti mukujambula agogo. Kwa iyo agogo ndi nkhokwe n'chimodzimodzi.

Ife akhungu lakuda vutoli limatikhudza kwambiri, ndipo mbali ina ndi Physics chabe. Khungu lakuda limabweza kuwala kochepa, pamene shati yoyera ya yunifolomu kapena diresi la mkwatibwi limabweza kochuluka zedi. Ziwirizi zikakhala pachithunzi chimodzi, masana, kamera imakakamizika kusankha. Koma mbali ina ndi mbiri ya amene ankapanga zipangizozi. Kuyambira m'ma 1950, malo otsukira zithunzi ankalandira khadi lochokera ku kampani ya Kodak loyezera ngati mitundu yatuluka bwino. Pakhadipo panali mayi wachizungu, ndipo makhadiwo anadziwika ndi dzina loti Shirley. Khungu lake likatuluka bwino, makina ankaonedwa kuti ali bwino. Lorna Roth, amene panthawiyo anali mphunzitsi wa pa yunivesite ya Concordia ku Canada, analemba za nkhaniyi mu 2009. Iye anafotokoza kuti ena mwa amene anakankha kampaniyo kuti ikonze mitundu yoderapo anali ogulitsa mipando yamatabwa ndi chokoleti, amene ankadandaula kuti katundu wawo sakuoneka bwino pa zithunzi zotsatsira malonda. Tangoganizani, chokoleti kudandauliridwa anthu ali pomwepo! Makhadi okhala ndi anthu a makungu osiyanasiyana anafala mochedwa, m'ma 1990. Ndipo mu 2021 kampani ya Google, potulutsa foni ya Pixel 6, inalengeza njira yotchedwa Real Tone yofuna kujambula bwino khungu lakuda. Mfundo yanga ndi yoti Auto si chilengedwe. Ndi maganizo a anthu ena amene anaikidwa m'makina, ndipo anthuwo ankayesera pa nkhope zimene ankazidziwa.

Mafoni a masiku ano ndi ochenjerapo. Amazindikira nkhope, ndipo ambiri amajambula zithunzi zingapo mwachangu, china chowala china chakuda, n'kuziphatikiza. Imeneyo ndiye HDR. Komabe nthawi zina amalakwitsa mbali inayo. Pofuna kuwalitsa nkhope amaikweza mopitirira, munthu n'kutuluka wotuwa ngati wadzola phulusa. Mnzanu wakuda bwino, wosalala, n'kumaoneka ngati wadwala. Kumeneko n'kulakwitsanso.

Kulanda chiwongolero

Simufunika kuthamangira ku Manual. Njira yoyamba ilibe ngakhale batani: msuntheni munthuyo. Kuwala kumuchokere kutsogolo kapena chakumbali, osati kumbuyo. Tsiku lija ndikanangoima ine kubwalo, agogo n'kuyang'ana panja, kumbuyo kwawo kukhale khoma, bwenzi nkhani ino kulibe.

Njira yachiwiri ndi kugunda nkhope pa sikirini. Mukatero mwauza foni kuti iyezere pamenepo. Pamatuluka kachizindikiro ka dzuwa kamene mungakokere m'mwamba kapena pansi mpaka khungu lioneke mmene lilili m'maso mwanu. Pa makamera ndi pa Pro, chimenechi chimalembedwa EV, ndi manambala +1, 0, -1. Kuika +1 n'kuuza kamera kuti: zimene waganizazo, wirikiza kawiri. Kumwamba kukhoza kuyera mbuu, musadandaule. Mukujambula munthu, simukujambula mitambo. Mukagwira chala pa sikirini kwa kanthawi, mafoni ambiri amatseka muyezowo kuti usasinthesinthe, ndipo pa iPhone pamalembedwa AE/AF Lock.

Manual yeniyeni, imene mafoni ambiri a Android amaitcha Pro, ndi pamene manambala onse mukusankha nokha. Phindu lake lalikulu ambiri saliganizira: manambala sasuntha. Tinene kuti mukujambula anzanu a Fomu 4 mmodzimmodzi pansi pa mtengo womwewo. Pa Auto, wovala shati yoyera atuluka wakuda, wovala juzi yakuda atuluka wowala, chonsecho kuwala ndi kumodzi. Pa Manual mumayesa kamodzi, khungu likaoneka bwino basi, mumajambula onse. Kuwala kukapanda kusintha, manambala asasinthenso.

Phindu lachiwiri ndi limene limandisangalatsa ine. Pali zithunzi zimene Auto imaziona ngati zolakwika, pamene ndi zimene inu mukufuna.

Madzulo ku Cape Maclear, dzuwa likulowa, msodzi waima m'bwato. Chimene mukufuna ndi thambo lofiira psuu, msodziyo akhale chithunzithunzi chakuda bii. Onani kuti ndi cholakwika chomwe chija cha pakhonde, koma tsopano mwachichita dala. Auto iyesetsa kumuwalitsa msodziyo, thambo n'kusuluka. Inu gundani thambo, tsitsani EV kufika -1 kapena -2, kufiira kubwerera.

Pa masewero a netiboli, mtsikana walumpha kulanda mpira. Kuti aime m'malere, tsitsi ndi mpira zili gwa, pamafunika 1/1000 kapena kuposa. Masana kuwala kulipo kokwanira. Kukayamba kuda mukweza ISO n'kulolera timadontho, chifukwa chithunzi cha timadontho chimaposa chopakika. Koma mwina mukufuna liwiro lenilenilo lioneke. Ikani 1/30, mutsatire wothamanga ndi foni pamene mukujambula. Iye atuluka wooneka, kumbuyo kwake kutapakika mizeremizere. Pa zithunzi khumi mwina chabwino chikhala chimodzi, zimatero ndithu.

Mathithi, kaya a Williams pa phiri la Zomba, kaya a Manchewe kufupi ndi Livingstonia, mungawajambule pawiri. Pa 1/1000 dontho lililonse limaoneka palokha. Pa theka la sekondi madzi amasanduka ngati nsalu yoyera yopachikidwa pathanthwe. Koma kumbukirani ndowa ija. Foni singachepetse bowo, ndiye theka la sekondi masana lingosefukira, chithunzi chonse mbuu. Pitani m'bandakucha kapena kukamada, ISO ikhale yotsikitsitsa. Ndipo nthawi ikatalika kuposa pafupifupi 1/60, manja anu amanjenjemera ngakhale mukuona ngati ali phee. Tsamiritsani foni pamwala, muike timer kuti chala chisaigwedeze.

Munazungulitsapo chikuni chamoto usiku n'kuona bwalo lofiira m'malere? Kamera imachita zoposa pamenepo. Mumdima, foni itakhazikika pa mabuku, ikani ISO 100 ndi masekondi 8. Mnzanu aime kutsogolo ndi tochi, alembe dzina lake m'malere. Pachithunzi patuluka dzina lowala, mwiniwake osaoneka, mofanana ndi anthu a mumsewu wa Daguerre aja. Gwiritsani tochi, chikuni chisiyeni kukhitchini, nyumba zaudzu sizichedwa.

Kanthu kena kakang'ono: mukajambula m'chipinda cha mababu n'kuona mizere yakuda yopingasa pa sikirini, foni sinawonongeke. Magetsi athu ndi a 50 Hz, ndipo mababu ena amaphethira ka 100 pa sekondi, diso osaona. Ikani shutter pa 1/50 kapena 1/100, mizereyo imatha.

Musanyoze Auto

Pali anyamata ena amene akangodziwa Manual amayamba kuyenda mokweza mapewa, kumati Auto ndi ya anthu osadziwa. Ine sindigwirizana nawo. Kamera yodziyezera yokha kuwala si yachilendo, Kodak inatulutsa kale ina yotchedwa Super Six-20 mu 1938, ndipo kuchokera pamenepo akatswiri akhala akuinola. Pa liwiro simungaipose. Pa ukwati, akwati akutuluka m'tchalitchi mwamdima kulowa padzuwa, kuwala kumasintha ndi ma stop ambiri pa masitepe atatu. Inu mukamapotokola manambala, iwo afika kale pagalimoto, ndipo sabwereranso kuti mujambule bwino. Komanso pa mafoni ambiri mukalowa mu Pro, nzeru zija zophatikiza zithunzi zingapo zimazima. N'chifukwa chake chithunzi cha usiku cha pa Night mode nthawi zambiri chimaposa chimene mwavutikira nokha.

Ojambula ambiri a ntchito amakhala pakati. Pa kamera yaikulu pali A, imene Canon imalemba Av: inu musankha bowo, kamera isankha nthawi. Pali S, kapena Tv pa Canon: inu musankha nthawi, kamera isankha bowo. Pa Pro ya foni mungachite zofanana, kukhazikitsa shutter speed n'kusiya ISO pa Auto. Funso lodzifunsa ndi limodzi: pachithunzi ichi n'chiyani chimene sindilola kuti makina andisankhire? Chimenecho chigwireni, zinazo zisiyeni.

Ntchito ya kunyumba: mwezi

Aliyense anayesapo kujambula mwezi n'kupeza kadontho koyera ngati babu. Tsopano mukudziwa chifukwa chake. Auto yaona thambo lakuda ponseponse, yatalikitsa nthawi kuti ilifikitse pa mtundu wa phulusa, mwezi n'kusefukira. Koma mwezi si chinthu cha mumdima. Ndi thanthwe limene likuwombedwa ndi dzuwa, ngati bwalo la agogo lija masana. N'chifukwa chakenso zithunzi zimene anthu a Apollo 11 anajambula ali pamwezi mu 1969 sizionetsa nyenyezi: makamera awo anawatchera kuti agwire nthaka yowala ndi zovala zoyera, ndipo pa kanthawi kochepa chotero kuwala kofooka kwa nyenyezi sikukanalembeka.

Ojambula ali ndi poyambira pa mwezi wathunthu: f/11, ISO 100, nthawi 1/100. Foni yanu ili pa f/1.8 ndipo singasinthe. Tiwerengere limodzi. 11 kugawa ndi 1.8 ndi pafupifupi 6.1. Poti nkhani ndi ya area, 6.1 kuchulukitsa ndi 6.1, tipeza pafupifupi 37. Bowo la foni likulowetsa kuwala kochuluka ka 37, ndiye nthawi ifupike ka 37: kuchoka pa 1/100 kufika cha pa 1/3700. Pa foni sankhani 1/4000, kapena yachangu kwambiri imene ilipo, ISO 100, focus muikokere kumapeto kwa zinthu zakutali.

Mwezi utuluka waung'ono, lenzi ya foni ndi yaifupi, pamenepo palibe chochita. Koma mukaukuza pa sikirini muyenera kuona mawanga akuda aja, zigwa za chiphalaphala chimene chinauma kalekale. Jambulani katatu, pa 1/1000, 1/2000 ndi 1/4000, mulembe manambala m'kope, muone pamene mawangawo ayambira kuoneka. Ngati foni yanu ili ndi nambala ina osati f/1.8, samuyo muibwereze ndi nambala yanuyo.